Sipiring'i yolimba sisandutsa Altezza kukhala lole

Amalume,

Ndine mnyamata wa zaka 23, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri ndikuphunzira umakaniko pa galaji ina kuno ku Chongwe, m'mbali mwa msewu wa Great East. Sabata yatha kunabwera bambo wina amene amatipatsa ntchito kawirikawiri. Ali ndi Toyota Altezza, ali ndi munda ku Kanakantapa, komanso kagolosale pafupi ndi msika. Akuti akangoika matumba 6 m'galimotoyo, kumbuyo kumakhala pansi, ekisozi n'kumakhula pa mahampu onse a m'tauni. Tsopano akufuna tiikemo masipiring'i olimba kuti azinyamula matumba 12 a feteleza kapena simenti ulendo umodzi. Eni galaji andiuza kuti ntchitoyi ndi yanga, ndipite ku Lusaka ndikasake masipiring'i a galimoto yaikulu kwa ogulitsa zakale. Mtima wanga sukuvomera, koma ndikuopa kuoneka waulesi kapena wosadziwa ntchito, ndiponso ndikuopa kuthawitsa kasitomala. Ndichite chiyani?

Wophunzira umakaniko, Chongwe

Mphwanga,

Wachita bwino kufunsa usanagwire sipanala. Mtima wako ukukana chifukwa manja ako ayamba kuidziwa galimoto, ndipo usaupondereze. Pa ntchito imeneyi pali zimene ungawachitire bambowo zowathandiza kwenikweni, ndipo pali chimodzi chimene palibe makaniko aliyense angawachitire. Tiyeni tisiyanitse ziwirizi bwinobwino, kenako tikambirane za momwe ungalankhulire ndi akuluakulu awiriwo mosawanyoza.

Yamba ndi cholembera

Thumba la feteleza ndi makilogalamu 50. Thumba la simenti ndi chimodzimodzi, la chimanga chopita ku bungwe logula mbewu la FRA ndi chimodzimodzinso. Matumba 12 ndiye kuti makilogalamu 600. Onjezerapo mwini wake pa chiwongolero ndi mnyamata wotsitsa katundu, tinene kuti onse awiri ndi makilogalamu 140. Wafika pa 740, usanawerenge jeke, tayala la sipeya ndi chigubu cha madzi cha malita 20, chomwe nacho ndi makilogalamu 20.

Tsono Altezza anaipanga kuti izinyamula zingati? Galimoto imeneyi Toyota inaipanga kuyambira 1998 mpaka 2005, ndipo cholinga chake chinali liwiro ndi kukhota mokoma pa msewu wosalala. Yokha, yopanda munthu, imalemera makilogalamu pakati pa 1,300 ndi 1,400. Ku Japan, komwe zambiri mwa galimoto zathuzi zimachokera, pa mapepala a galimoto yonyamula anthu amawerengera munthu aliyense makilogalamu 55, choncho ya mipando 5 amailembera makilogalamu 275 pamwamba pa kulemera kwake. Ngakhale titaiwerengera mowolowa manja, masaluni ambiri a msinkhu umenewu malire awo amakhala pakati pa makilogalamu 400 ndi 500, kuphatikiza woyendetsa ndi onse okwera. Bambowo akupempha pafupifupi kawiri kuchuluka kwake. Masamu amenewa uwalembe papepala ndi dzanja lako, chifukwa ndi amene adzakulankhulire pamene mawu ako ngati wophunzira sangamveke.

Nkhata ndi mtsuko

Unawaonapo amayi akuchokera ku mtsinje wa Chongwe atasenza mtsuko. Amapota nkhata, n'kuiika pamutu, kenako mtsuko pamwamba. Nkhata yabwino imathandiza kuti liwombo lisapweteke ndiponso kuti mtsuko ukhazikike. Koma madzi aja sapepuka ngakhale dontho. Khosi, msana ndi mawondo zimasenzabe zonse. Ukamupatsa mwana nkhata yokhuthala n'kumusenzetsa mtsuko wa munthu wamkulu, mutu sumuwawa msanga, koma khosi limathyoka.

Sipiring'i imagwira ntchito ngati nkhata ija. Imakhala pakati pa thupi la galimoto ndi mawilo, n'kumagwira thupilo kuti likhale pa msinkhu wake. Shoki ntchito yake ndi ina: imaletsa sipiring'i kudumphadumpha galimoto ikamenya dzenje. Ambiri amaganiza kuti mashoki atsopano amakweza galimoto yolemedwa, koma katundu amakhala pa sipiring'i, shoki imangoziziritsa kunjanja. Ukaika sipiring'i yolimba, kumbuyo kumadzuka, ekisozi imasiya kukhula, ndipo mwini galimoto akaiona itaima mowongoka amakhulupirira kuti yapeza mphamvu zatsopano. Apa ndi pamene pagona ngozi. Kukhala pansi kuja kunali kulira kwa galimoto kuti katundu wakwana. Iwe ukaitseka pakamwa, makilogalamu aja amapitabe kumene amapita nthawi zonse: ku matayala, ku mabering'i, ku mabuleki ndi ku chitsulo cha thupi.

Amene amasenza katundu weniweni

Gwada pa tayala la kumbuyo uwerenge zolembedwa m'mbali mwake. Altezza zambiri zimayenda pa malimu a mainchesi 17, ndi matayala opyapyala olembedwa 215/45R17, kutsogolo kwake kuli nambala ina, kawirikawiri 87, yotsatana ndi chilembo. Nambala 87 imeneyo ikutanthauza kuti tayala limodzi malire ake ndi makilogalamu 545, ndipo zimenezo ndi pamene lili ndi mpweya wokwanira ndiponso lili labwino. Awiri a kumbuyo ndiye kuti 1,090. Galimoto yopanda kanthu imaika kale makilogalamu oposa 600 pa matayala awiri amenewo. Matumba 12 alibe kwina kokhala koma mu buti ndi pa mpando wa kumbuyo, ndiye pafupifupi onse agwera pomwepo. Wadutsa 1,200. Tayala lolemedwa chonchi limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, limatentha mkati, ndipo tsiku lina lotentha la mu Okutobala, pa liwiro, limaphulika osachenjeza. Kumbukiranso kuti ambiri mwa matayala amene timawaona m'magalaji mwathu ndi akale ochokera kunja. Manambala 4 omaliza pa mzere woyamba ndi DOT amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa: 2316 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Tayala lokalamba, ngakhale mapanga ake akuoneka, silingadaliridwe pa katundu wotere.

Kenako mabuleki. Galimoto ya makilogalamu 1,400 ukaionjezera 740, yalemera kuposa kale ndi theka lathunthu. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa kuthamanga kukhala kutentha, ndipo kutenthako kumakula molingana ndi kulemera. Liwiro ndiye loopsa koposa: ukaliwirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Pa makilomita pafupifupi 45 a pakati pa Chongwe ndi Lusaka pali malole, mabasi a ku Chipata, njinga za makala, ana a sukulu ndi mbuzi. Ukalowera kum'mawa, cha ku Rufunsa mpaka ku mlatho wa Luangwa, kuli zitunda ndi mitsetse yaitali. Pa mtsetse wotero mapadi amapsa, mafuta a buleki akale amene anamwa chinyezi amawira, phazi n'kungolowa pansi ngati waponda nsima.

Mabering'i a mawilo ndi mabushi amafa mwakachetechete. Galimoto imeneyi wilo lililonse la kumbuyo limayenda palokha, pa timikono tachitsulo tolumikizidwa ndi mabushi a labala. Ikalemedwa, mawilo amatagalala, pamwamba n'kupendekera mkati, ndipo tayala limadyeka mbali ya mkati yokha, kumene mwini wake sayang'ana, mpaka mawaya kutuluka.

Chomaliza ndi thupi. Hilux ndi Canter zili ndi chasisi, mipiringidzo iwiri yachitsulo yochokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo masipiring'i ake ndi zitsulo zafulati zosanjikizana zimene zimagawa katundu malo awiri pa mpiringidzo uliwonse. Altezza ilibe zimenezo. Thupi lake ndi malata opindidwa ndi kuwotchereredwa pamodzi, ndipo mutu wa shoki umamangidwa pa lata lomwelo. Sipiring'i ikalimba mopitirira muyeso, dzenje lililonse la msewu wa fumbi wopita ku munda limafika pa lata lija ngati nyundo. Poyamba pamachita kamng'alu kobisika pansi pa kapeti ya mu buti. Kenako zitseko za kumbuyo zimayamba kuvuta kutseka.

Palinso china chimene woyendetsa amachimva m'manja. Katundu amene ali kuseri kwa mawilo a kumbuyo amatukula mphuno ya galimoto. Matayala a kutsogolo, omwe ndi amene amakhotetsa ndiponso kugwira gawo lalikulu la buleki, amapepukidwa. Chiwongolero chimayandama, ndipo usiku magetsi amaloza m'mwamba n'kumathobwa m'maso anzako obwera.

Chimene ndinaona ndi maso anga

Ndikulankhula zimenezi mtima ukundiwawa, chifukwa ndili wamng'ono pa ntchito ndinaigwirapo ntchito yotereyi. Inali saluni ya bambo wina wogula chimanga m'midzi. Ndinaika masipiring'i a galimoto ina yaikulu, ndinawakakamiza mpaka analowa, ndipo galimoto inaima monyadira. Mwini wake anandigwira chanza kawiri. Patapita miyezi ingapo anaibweretsa pa lole. Tayala la kumbuyo kumanzere linaphulika pa kona, galimoto inazungulira n'kukagwera mu ngalande. Mwamwayi onse anatuluka amoyo, koma mnyamata amene anakhala pamwamba pa matumba anathyoka mwendo.

Ndinalowa pansi pake ndi tochi. Masipiring'i anga anali bwinobwino, opanda ngakhale kokanda. Tayala linali litang'ambika mbali ya mkati, mawaya ali yangayanga ngati ndevu za chimanga. Bering'i inali yabuluu chifukwa cha kupsa. Nditachotsa kapeti mu buti, ndinapeza mng'alu wautali ngati chala changa pamene pamamangidwa mutu wa shoki, ndipo m'mng'alumo munali njere za chimanga. Palibe amene anandiloza chala. Koma ine ndinadziwa kuti galimoto ija inkawachenjeza eni ake, ndipo amene anachotsa chenjezolo ndinali ine. Chaona mnzako chapita, mphwanga, ndipo sindikufuna kuti mawa chidzaone iwe.

Zimene ungachite ndi mtima woyera

Pempho la bambowo lili ndi mbali yoona. Galimoto ya zaka zoposa 20 masipiring'i ake atopa, ndipo inapangidwira misewu yosiyana ndi ya ku Kanakantapa nthawi ya dzinja. Kuibwezeretsa mphamvu zake ndi kuikweza pang'ono ndi ntchito yabwino.

Uyambe ndi kuyeza. Imika galimoto pamalo osalala, yopanda katundu, tenga tepi uyeze kuchokera pakati pa wilo kufika pa mlomo wa madigadi, mbali zonse zinayi, ulembe. Kenako ikani katundu amene ali m'malire, tinene matumba 5 ndi woyendetsa, uyezenso. Ngati mbali ina yatsika kuposa inzake, ndiye kuti sipiring'i yatopa kapena yathyoka. Uonenso ngati mwini wake woyamba sanaitsitse dala. Altezza zambiri zinabwera ndi masipiring'i afupiafupi a anyamata okonda mpikisano, ndipo nthawi zina kungobwezeretsa a msinkhu wa ku fakitale kumathetsa vuto la mahampu.

Ukamagula masipiring'i, gula opangidwira galimoto imeneyi. Ngati alipo olimbirapo pang'ono a mtundu womwewo, ndi abwino. Usinthe awiriawiri, kumanja ndi kumanzere tsiku limodzi, ndipo mashoki akhale ogwirizana nawo, chifukwa shoki yotopa siingagwire sipiring'i yamphamvu, galimoto imangodumpha ngati bwato. Usaiwale timalabala timene timaletsa chitsulo kugunda chitsulo shoki ikafika pamapeto. Tambiri tinanyenyeka kalekale, ndipo n'totsika mtengo.

Mabushi onse a kumbuyo uwayese ndi chitsulo chopanira. Ong'ambika usinthe. Mabawuti a mabushi uwamange komaliza galimoto itatsika pa jeke, itaima ndi matayala ake. Ukawamanga wilo lili lendelende, labala amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo sachedwa kung'ambika.

Pa matayala ndi pamene ungawathandize kwambiri. Altezza zina zinatuluka ku fakitale ndi malimu a mainchesi 15 ndi matayala a 195/65R15, amene nambala yake kawirikawiri ndi 91, kutanthauza makilogalamu 615. Tayala lotere lili ndi mnofu wokwanira kumeza maenje, ndipo limateteza limu. Koma uyese kaye ngati limu laling'onolo silikukhudza chogwirira mapadi, chifukwa zina zili ndi mabuleki aakulu amene salola. Mpweya uziyeza m'mawa matayala asanatenthe, ndipo utsatire kapepala ka pa mphuthu ya chitseko cha woyendetsa.

Mabuleki uwaone onse anayi: mapadi, madisiki, mapaipi a labala ndi handibuleki. Mafuta a buleki amafunika kusinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo ndikhulupirira kuti a m'galimoto imeneyi palibe akukumbuka tsiku limene anasinthidwa. Ukamaliza zonse, galimoto ipite ku alayimenti, kenako uwongole magetsi.

Ukachita zimenezi, Altezza idzanyamula katundu wake woyenera osakhula pansi, idzaima ikauzidwa kuima, ndipo idzakhalitsa. Malire ake adzakhala omwe aja, ndipo zimenezi uwauze momveka.

Zimene usayerekeze

Usawotche sipiring'i ndi moto kuti uitambasule, ndipo usaiwotcherere. Chitsulo chake chinaumitsidwa mwapadera, ndipo moto ukachikhudza chimafooka n'kudzathyoka tsiku losayembekezeka. Usalowetse zidutswa za matayala akale kapena timatabwa pakati pa mapindi ake, chifukwa ukatero umachepetsa malo amene sipiring'i imapumira, ndipo kugunda konse kumapita ku thupi. Zokwezera zoika pamwamba pa sipiring'i zimakweza msinkhu chabe, mphamvu sizionjezera, ndipo zikatalika kwambiri zimapha mashafuti ndi mabolojointi. Sipiring'i ya galimoto ina imene sikukhala bwino pa mpando wake ikhoza kutuluka wilo likalendewera pa dzenje.

Udzisamalirenso wekha. Sipiring'i yopanidwa ili ndi mphamvu yophwanya nsagwada. Gwiritsa ntchito zopanira zake zenizeni, ziwiri, mbali iyi ndi iyo, ndipo nkhope yako isakhale kumene ingathawire. Waya ndi zingwe si zopanira. Usalowe pansi pa galimoto imene yaima pa jeke yekha kapena pa njerwa. Ika zochirikizira zachitsulo, ndipo tayala limene wachotsa uligoneke pansi pa galimoto kuti likutchinjirize zikavuta.

Kulankhula ndi eni galaji

Apa ndi pamene pakukuvuta kwenikweni, ndikudziwa. Eni galaji ndi amene akukuphunzitsa, ndi amene amakupatsa ya sopo, ndipo kuwatsutsa pamaso pa anthu ndi mwano umene sudzaiwalika. Usawayankhe pamene pali kasitomala kapena anzako. Dikira madzulo mukamasonkhanitsa zida, uwapeze ali okha, pepala lako lili m'manja. Ulankhule ngati wofunsa nzeru, pakuti ndiwedi wophunzira. Ukhoza kunena kuti: "Abwana, ndisanapite ku Lusaka ndimati mundionereko masamu awa. Ndawerenga matayala a galimoto ija, akuti malire ake ndi 545 lililonse, koma katundu amene akufuna akupitirira. Ndikuopa kuti tayala likadzaphulika adzati ndi galaji yathu. Kodi tingawauze bwanji?"

Ukalankhula chotero wawapatsa ulemu wawo, wawaonetsa kuti ukuteteza dzina la galaji, ndipo chigamulo wachisiya m'manja mwawo. Munthu amene wakhala zaka zambiri pa ntchitoyi zimenezi amazidziwa kale, kungoti nthawi zina kuopa kutaya kasitomala kumamutseka pakamwa. Uwaonetsenso kuti ntchito imene ukuganizayo si yaing'ono: masipiring'i, mashoki, mabushi, mabuleki ndi matayala ndi ndalama yabwino yolowa pa galaji, yoposa ya kungokakamiza masipiring'i awiri akale.

Akakana n'kunena kuti uchite zimene wauzidwa, uwapemphe mwaulemu kuti ntchitoyo aiyang'anire okha, ndipo pa kadi la ntchito palembedwe zimene zaikidwa ndi malire a katundu amene kasitomala wauzidwa. Ngati afika pokulamula kuwotcha kapena kuwotcherera sipiring'i, pamenepo ukane. Ukane modzichepetsa, koma ukane ndithu. Ntchito ukhoza kuipeza pa galaji ina. Mwendo wa mwana wa eni ake sungaubwezere.

Kulankhula ndi kasitomala

Bambowo si munthu wopusa. Akuwerengera mafuta. Akuona kuti kupita ku Lusaka kawiri n'kuwononga, pomwe akanatha kupita kamodzi. Ukawauza kuti "sizingatheke" basi, adzapita kwa makaniko wina wa pansi pa mtengo amene adzavomera. Uyenera kuwayankha pa nkhani ya ndalama yomweyo.

Atengere ku galimoto yawo. Agwiritse tayala ndi dzanja lawo mbali ya mkati, amve okha momwe ladyekera. Aonetse nambala 87 ija, uwauze tanthauzo lake. Kenako muwerengere limodzi: matayala awiri a mainchesi 17, mashoki awiri, bering'i, ndi masiku amene galimoto idzagone pa galaji golosale ili yopanda katundu. Muyerekeze ndi mtengo wa kubwereka Canter kamodzi, pogawana ndi alimi anzawo awiri kapena atatu, nthawi yokatenga feteleza mvula isanagwe mu Novembala. Alimi ambiri amachita kale zimenezi kudzera m'makopaletivu awo.

Uwakumbutsenso za malamulo. Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la nambala 11 la chaka cha 2002, ndi limene limayeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda, ndipo galimoto yolemedwa mopitirira imaonekera patali kwa apolisi a pamsewu. Inshulansi nayo ili ndi mawu ake. Galimoto imene yalembedwa kuti ndi yoyendera, ikachita ngozi itasenza katundu wa malonda wopitirira malire, itasinthidwanso osawadziwitsa a kampani, akhoza kukana kulipira. Pamenepo zonse zimagwera m'thumba la mwini wake.

Ngati katundu wotere ndi wa sabata ndi sabata, uwauze zoona kuti ntchito yawo yakula kuposa galimoto yawo, ndipo zimenezo ndi zoyamika Mulungu. Altezza ili ndi anyamata ambiri oisirira ku Lusaka, siivuta kugulitsa ikadali yabwino. Toyota Probox, imene inayamba kupangidwa mu 2002 kuti izigwira ntchito za amalonda, ya mtundu wa vani imaloledwa makilogalamu 400 a katundu, omwe ndi matumba 8. Ka Suzuki Carry kamaloledwa 350, matumba 7. Wofuna matumba 12 mpaka 20 ayang'ane Hilux kapena ina ya msinkhu umenewo, ndipo wopitirira apo ndi wa Dyna kapena Canter. Taona kuti ngakhale Probox, yomwe inabadwira katundu, siifika pa matumba 12 amene akufuna kusenzetsa Altezza. Mfundo imeneyi yokha imatsegula maso a anthu ambiri.

Pamene akuganizira zimenezo, aphunzitse kupakira bwino katundu amene galimoto ikuloleza. Matumba olemera akhale pansi ndiponso kutsogolo momwe zingathekere, pa mpando wa kumbuyo kapena mkati mwenimweni mwa buti, osati kumapeto kwake. Agawane mofanana kumanja ndi kumanzere. Amangidwe kuti asathamangire kutsogolo buleki ikamenyedwa. Pamwamba pa matumba pasakhale munthu. Liwiro litsike, mpata pakati pa iwo ndi galimoto ya kutsogolo ukule, ndipo pa mtsetse agwiritse giya yaing'ono kuti mabuleki apume. Maulendo awiri a matumba 6 amafikitsa katundu yemweyo kunyumba, pamodzi ndi mwini wake.

Dzina lako likuyamba pano

Chongwe ndi tauni imene anthu amadziwana. Wa minibasi, mphunzitsi wa ku Chalimbana, mlimi wa ku Kasisi ndi mayi wa tomato wopita ku msika wa Soweto m'bandakucha, onsewa amafunsana kuti galimoto yako amakukonzera ndani. Zimene adzanene za iwe zaka 10 zikubwerazi zikuyamba ndi ntchito ngati iyi. Mwina bambowo adzakwiya tsiku limenelo n'kuchoka. Asiye apite mwaulemu, uwatsanzike bwino. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo anthu amamukumbukira amene anawauza zoona pamene kunama kukanamupatsa ndalama.

Mawa m'mawa, usanakwere basi ya ku Lusaka, tenga tepi, tochi ndi pepala. Yeza galimotoyo mbali zonse zinayi, werenga matayala ake, kweza kapeti ya mu buti uone ngati mng'alu sunayambe kale. Zimene upeze uzilembe, ndipo madzulo ukawaonetse abwana ako. Ukadzamaliza ntchitoyo, undilemberenso undiuze kuti munagwirizana matumba angati.

Amalume ako pa ntchito